Nkhondo ya Naira ndi Bitcoin: Ndani Asunge Chinsinsi cha Thumba la Munthu?

M'mwezi wa Okutobala 2020, achinyamata a ku Nigeria anakhamukira m'misewu ya Lagos, Abuja, Port Harcourt ndi mizinda ina kukachita zionetsero zofuna kuti boma lithetse gulu la apolisi lotchedwa SARS. Gululi analikhazikitsa kuti lizithana ndi mbava za mfuti, koma linatchuka ndi kugwira anyamata pamsewu kamba koti ali ndi foni yodula kapena laputopu, kuwamenya ndi kuwalanda ndalama. Bungwe la Amnesty International linali litalemba kale za anthu amene anazunzidwa ndi kuphedwa m'manja mwa apolisiwa.

Zionetsero zimadya ndalama. Pamafunika madzi, chakudya, mankhwala a ovulala ndi maloya okatulutsa omangidwa. Amayi a gulu la Feminist Coalition ndiwo anasenza ntchito yotolera zopereka, ndipo anthu anayamba kutumiza kudzera kubanki ndi pa intaneti. Patangodutsa masiku ochepa, njira zimenezi zinatsekeka. Amayiwo sanagwe mphwayi: analengeza adiresi ya Bitcoin, ndipo Jack Dorsey, amene panthawiyo ankatsogolera Twitter, anapempha omutsatira kuti apereke kudzera m'njira yomweyo. Pamene gululi linkasiya kulandira zopereka, linali litatolera ndalama zoposa 147 miliyoni za naira, gawo lalikulu ndithu litabwera mwa Bitcoin.

Mu Novembala chaka chomwecho, banki yaikulu ya Nigeria inakatenga chilolezo ku khothi la ku Abuja chotsekera maakaunti 20 a anthu ndi kampani zokhudzidwa ndi zionetserozo. Eni ake anakhala osagwira ndalama zawo mpaka mu Febuluwale 2021, pamene khothi linalamula kuti maakauntiwo atsegulidwe. Pa 5 mwezi womwewo, bankiyo inalembera mabanki onse kuwaletsa kutumikira aliyense wochita malonda a ndalama za kripto, monga Bitcoin. Ndipo pa 25 Okutobala 2021, Pulezidenti Muhammadu Buhari anakhazikitsa eNaira, ndalama ya pafoni yoyamba mu Africa yotulutsidwa ndi banki yaikulu ya dziko.

M'chaka chimodzi chokha, dziko la anthu oposa 200 miliyoni linakhala bwalo la mkangano umene maiko ena akungoukambirana m'misonkhano: ndalama zikachoka papepala n'kulowa mu foni, ndani adziwe zimene munthu wagula, ndipo ndani akhale ndi mphamvu yomuletsa kugula?

Makaundula awiri

Ndalama ya pepala siikumbukira kanthu. Ikachoka m'manja mwa wogula kupita m'manja mwa wogulitsa, nkhani yathera pomwepo. Palibe polembedwa kuti uje anagula mankhwala akutiakuti, kapena anasonkhera chipani chakutichakuti. Ndalama ya pafoni siingayende choncho. Kuti munthu asagwiritse ntchito ndalama imodzi kawiri, payenera kukhala kaundula wolemba kuti yachoka kwa yani ndipo yapita kwa yani. Mkangano wonse wagona pa mwini kaundulayo.

Bitcoin inabadwa pofuna kuchotsa mwiniyo. Pa 31 Okutobala 2008, mabanki akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya ali mkati mogwa, munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto linafalitsa chikalata cha masamba 9 chofotokoza ndalama yoyenda popanda banki pakati. Pa 3 Januwale 2009 ndalamayo inayamba kugwira ntchito. Kaundula wake amasungidwa m'makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana, ndipo kompyuta iliyonse ili ndi kope lake. Ma Bitcoin onse sadzaposa 21 miliyoni. Amene ali ndi kiyi yachinsinsi ya chikwama chake ndiye yekha angasunthe zimene zilimo, ndipo palibe ofesi imene ingalandire kalata yolamula kuti chikwamacho chitsekedwe.

Kaundula wa eNaira ndi wosiyana. Makina ake anapangidwa ndi kampani ya Bitt ya ku Barbados, koma mwini ndi woyang'anira ndi banki yaikulu. Munthu wofuna chikwama amayamba ndi nambala ya foni. Akafuna kusunga ndi kutumiza ndalama zochulukirapo, amapereka nambala ya unzika, kenaka nambala ya kubanki yotchedwa BVN, imene imalumikizidwa ndi zidindo za zala zake. Akamakwera masitepe amenewa, malire a ndalama amakula, ndipo dzina lake limamatirira kwambiri ku kobiri lililonse limene wasuntha.

Zifukwa zimene boma linapereka sizinali zopanda pake. Anthu mamiliyoni ku Nigeria alibe akaunti ya kubanki. Kusindikiza, kunyamula ndi kulondera ndalama za pepala kumadya chuma chambiri. Anthu a ku Nigeria okhala kunja amatumiza kwawo madola pafupifupi 20 biliyoni pachaka, ndipo makampani otumiza ndalama amadulapo kwambiri. Thandizo la boma lopita kwa osauka limasokonekera m'njira likamadutsa m'manja ambiri. Ndalama yochoka ku banki yaikulu n'kufika molunjika pa foni ya mlimi wa ku Kano ikanatha kuchepetsa mavuto onsewa.

Naira imene anthu sanaifune

Komabe anthu sanaithamangire. Patatha chaka, ogwiritsa ntchito eNaira sanafike ngakhale munthu mmodzi pa anthu 200 alionse. Kafukufuku wa bungwe la IMF amene anatuluka mu Meyi 2023 anapeza kuti pa sabata iliyonse, 98.5 peresenti ya zikwama zimene zinatsegulidwa zinkangokhala osagwiritsidwa ntchito. Banki yaikulu inayesa kunyengerera. Inatsegula nambala ya *997# kuti a mafoni a mabatani nawo alowemo, ndipo inalonjeza kuchotsera 5 peresenti oyendetsa ndi okwera njinga zamoto za mawilo atatu zimene kumeneko amati keke. Sizinaphule kanthu.

Kenaka kunabwera chikakamizo. Pa 26 Okutobala 2022, bwanamkubwa wa bankiyo Godwin Emefiele analengeza kuti ndalama za pepala za 200, 500 ndi 1,000 naira zisinthidwa, ndipo zakale zisiya kugwira ntchito pa 31 Januwale 2023. Mu Disembala anaika malire a ndalama zimene munthu angatape: 100,000 naira pa sabata, ngakhale anthu atadandaula anawakweza kufika pa 500,000. Akuluakulu a bankiyo sanabise kuti cholinga china chinali kukankhira anthu ku njira zolipirira za pafoni, kuphatikizapo eNaira.

Ndalama zakale zinalowa m'mabanki, koma zatsopano zinatuluka zochepa. Anthu anagona pamizere ya makina otapira ndalama. Maejenti a m'misewu anayamba kugulitsa naira ndi naira inzake, kudula chiwongola dzanja chachikulu kuti munthu agwire ndalama yake yomwe. Amayi ogulitsa tomato ndi nsomba anaonerera katundu wawo akuwola, poti ogula analibe cholipirira. Ku Ibadan, Benin City, Warri ndi Sagamu kunabuka zipolowe, ndipo nthambi zina za mabanki zinaswedwa kapena kutenthedwa. Zonsezi zinkachitika dziko likukonzekera chisankho cha pa 25 Febuluwale 2023. Pa 3 Malichi, khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti ndondomekoyo inaphwanya malamulo ndipo ndalama zakale zipitirize kugwira ntchito.

Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale pa nthawi yothina chonchi, anthu ambiri sanathawire ku eNaira. Emefiele analengeza kuti zikwama zafika pa 13 miliyoni, koma mamiliyoni a zimenezo anatsegulidwa pofuna kulipirira thandizo la boma. Munthu wamba wa mumsika anasankha OPay, PalmPay ndi Moniepoint, makampani a anthu wamba amene makina awo ankayenda pamene a mabanki akuluakulu ankagwa. Anthu a ku Nigeria sanakane kulipira ndi foni. Anakana kusungitsa ndalama zawo kwa bungwe lomwe linali litatseka maakaunti a ochita zionetsero ndi kuumitsa ndalama m'misika. Mu Juni 2023, Pulezidenti watsopano Bola Tinubu anaimitsa ntchito Emefiele, ndipo pambuyo pake mkuluyo anayamba kuyankha milandu kukhothi.

Nayo kripto sinafe ndi chiletso cha 2021. Inangosamukira kuseri. Wogula ndi wogulitsa ankakumana pa intaneti, wina n'kutumiza naira ku akaunti ya mnzake ngati akulipira katundu wamba, winayo n'kumasula kripto. Tinubu atalola kuti mtengo wa naira uziyendera msika, dola imodzi inachoka pa naira pafupifupi 460 n'kupitirira 1,500 pofika Febuluwale 2024. Mphunzitsi amene malipiro ake ankasungunuka mwezi ndi mwezi, ndi wamalonda wofuna kulipira katundu ku Guangzhou, anapeza pothawira mu USDT, kripto imene mtengo wake umatsata dola ya America. Kampani ya Chainalysis inaika Nigeria pa nambala 2 padziko lonse, kumbuyo kwa India, pa kagwiritsidwe ntchito ka kripto mu 2023 ndi 2024, ndipo inati pakati pa Julayi 2023 ndi Juni 2024 m'dzikomo munalowa kripto ya madola pafupifupi 59 biliyoni.

Nayo kripto ili ndi maso

Apa m'pamene ambiri amanamizika. Bitcoin ndi yovuta kuitseka, koma si yachinsinsi. Kaundula wake ali ngati buku la banki nkhonde lopachikidwa pamtengo wa pabwalo: m'malo mwa maina mwalembedwa manambala, koma aliyense angathe kuwerenga kuti nambala iyi inapatsa nambala iyo zingati, tsiku liti, ndipo tsamba silithothoka mpaka kalekale. Munthu akangodziwika kuti nambala yakuti ndi yake, mbiri yake yonse ili poyera.

Mmodzi wa anthu amene anaonetsa dziko zimenezi ndi Tigran Gambaryan. Ali wofufuza milandu ku bungwe lotolera msonkho la America, anatsata mapazi a Bitcoin mpaka kugwira apolisi awiri a boma amene anaba ndalama pamene ankafufuza msika wa mankhwala ozunguza bongo wa Silk Road. Pambuyo pake analowa ntchito ku Binance, msika waukulu kwambiri wa kripto padziko lonse, ngati mkulu wothana ndi milandu ya zachuma.

Mu Febuluwale 2024, naira ikugwa tsiku ndi tsiku, boma la Nigeria linaloza chala Binance kuti ndiyo ikusokoneza mtengo wa dola. Bwanamkubwa watsopano wa banki yaikulu, Olayemi Cardoso, ananena kuti madola 26 biliyoni anadutsa pa msikawo m'chaka chimodzi kuchokera kwa anthu osadziwika bwino. Gambaryan ndi mnzake Nadeem Anjarwalla anapita ku Abuja kukakambirana ndi boma, ndipo pa 26 Febuluwale anawatsekera. Anjarwalla anathawa mu Malichi. Gambaryan anamupititsa kundende ya Kuje, kumene anadwala malungo ndi msana mpaka kulephera kuyenda bwino, ndipo anamasulidwa mu Okutobala 2024. Mkati mwa mlanduwo, khothi la ku Abuja linalamula Binance kuti ipereke ku bungwe lothana ndi katangale la EFCC zambiri zokhudza anthu a ku Nigeria ochita malonda pa msikawo.

Lamulo limenelo linavumbula pamene pali chibowo. Anthu ambiri sasunga okha kiyi ya chikwama chawo. Amagula ndi kusungitsa kripto ku misika ikuluikulu, imene imafuna chitupa, chithunzi cha nkhope ndi nambala ya foni, monga mmene banki imachitira. Nayo USDT ili ndi mwini, kampani ya Tether, imene ili ndi mphamvu youmitsa ndalama pa adiresi iliyonse ndipo yachitapo zimenezi kambirimbiri apolisi a maiko osiyanasiyana akapempha. Munthu amene wathawa diso la banki yaikulu ya dziko lake amakapezeka ali pansi pa diso la kampani yakunja imene sangaifikire, ndipo ikamulakwira alibe phungu woti akamudandaulire.

Palinso mtengo wina umene osauka amalipira. Kumene kulibe woyang'anira, akathyali amasangalala. Msika wa Mt. Gox wa ku Japan unagwa mu 2014 utataya ma Bitcoin pafupifupi 850,000. FTX inagwa mu Novembala 2022, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Ku South Africa, Mirror Trading International inakokolola anthu zikwizikwi isanagwe mu 2020. Ku Nigeria komweko, mu Epulo 2025, CBEX imene inkalonjeza kuchulukitsa ndalama kawiri pa mwezi umodzi inatseka mwadzidzidzi, ndipo anthu olusa anakaswa ofesi yake ku Ibadan. Kripto ikatumizidwa kwa wakuba, palibe woibweza. Mphamvu yomwe inateteza zopereka za ochita zionetsero ndi yomweyonso imene imateteza mbava.

Maiko ena akuyenda njira yanji

China ndiyo yapita patsogolo kwambiri ndi ndalama ya boma ya pafoni. Mu Okutobala 2020, mzinda wa Shenzhen unagawira anthu 50,000 ndalama za yuan 200 aliyense kudzera mu njira yatsopanoyi, pa lamulo lakuti azigwiritse ntchito m'masitolo osankhidwa pasanathe sabata, apo ayi zibwerera. Kunali kuyesa chabe, koma kunaonetsa chinthu chimene ndalama ya pepala singachite: ndalama yokhala ndi tsiku lothera ndi malo ogulira osankhidwa ndi woipereka. Akuluakulu a banki ya China amati malipiro ang'onoang'ono sadziwika mwini, koma malipiro akuluakulu amatsatika. Mu Sepitembala 2021 dzikolo linaletseratu malonda a kripto.

Kutseka thumba la wotsutsa si khalidwe la maboma ankhanza okha. Mu Febuluwale 2022, boma la Canada linagwiritsa ntchito lamulo la nthawi ya ngozi n'kulamula mabanki kuumitsa maakaunti oposa 200 a anthu okhudzidwa ndi zionetsero za madalaivala a mathiraki ku Ottawa, popanda kudutsa kukhothi. Mu Januwale 2024 khothi linagamula kuti boma linapyola malire. Ku America, Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo mu Januwale 2025 loletsa mabungwe a boma kukonza dola ya pafoni ya banki yaikulu. Ku Ulaya, banki yaikulu ikukonzabe yuro ya mtunduwu, ndipo yalonjeza kuti padzakhala njira yolipirira popanda intaneti imene odziwa za malipirowo adzakhala wolipira ndi wolandira okha.

Lonjezo limenelo n'lotheka. Kale mu 1982, katswiri wa masamu a chinsinsi David Chaum anaonetsa njira imene banki ingatsimikizire kuti ndalama ya pakompyuta ndi yeniyeni popanda kudziwa amene waigwiritsa ntchito. Kampani yake ya DigiCash inagwa mu 1998, koma nzeruyo ilipobe. Choncho boma likapanga ndalama ya pafoni yoona chilichonse, lachita kusankha; silinakakamizidwe ndi makina.

Kuno kwathu

Malawi alibe kwacha ya mtundu wa eNaira, ndipo Reserve Bank inachenjeza kale mu 2019 kuti kripto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Koma funso la kaundula linafika kalekale. Kuyambira 2018, simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, zimene zikutanthauza kuti fizi, chakhumi, ndalama ya kuchipatala ndi chipepeso cha pamaliro zotumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zimalembedwa pa dzina la munthu, ndi tsiku ndi ola lake. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimene chinakankhira anthu a ku Lagos ku USDT chinafikanso pa amalonda a ku Limbe ndi Lilongwe osowa madola m'mabanki. Abale athu a ku Zimbabwe anaona mu 2020 mmene boma lingatsekere maakaunti a maejenti a EcoCash, njira yawo yotumizira ndalama pa foni, ndi chilengezo chimodzi, powaganizira kuti ndiwo akukolezera msika wa ndalama wa mseri.

Boma lili ndi chifukwa chomveka chofunira kuona. Dziko limene linadutsa mu Cashgate ya 2013 likudziwa zimene ndalama zosatsatika zimachita, ndipo bungwe la Financial Intelligence Authority linakhazikitsidwa kuti lizitsata mapazi a ndalama zokayikitsa. Koma kufufuza munthu mmodzi woganiziridwa mlandu, woweruza atavomereza, n'kosiyana kwambiri ndi kukhala ndi mbiri ya malipiro a anthu onse pa kompyuta imodzi, yofikirika ndi aliyense amene ali pampando chaka chimenecho. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene linapereka udindo woyang'anira ku MACRA, ndi poyambira. Limafunika kutsagana ndi mayankho olembedwa momveka: ndani angapemphe mbiri ya malipiro a munthu, asonyeze chiyani kwa woweruza, akaunti ingatsekedwe masiku angati mwini wake asanamvedwe, ndipo kampani isunge mbiriyo zaka zingati. Pafunikanso kuti ndalama ya pepala isachotsedwe mokakamiza, chifukwa kwa mayi wa kumudzi wopanda netiweki ndiyo njira yokhayo yolipirira, ndipo kwa wina aliyense ndiyo yokhayo yosasiya mapazi.

Ku Nigeria, mbali zonse ziwiri zabwerera m'mbuyo pang'ono. Mu Novembala 2023 khothi lalikulu linagamula kuti ndalama zakale za pepala zipitirire kugwira ntchito popanda tsiku lothera. Mwezi wotsatira, banki yaikulu inachotsa chiletso chimene inaika pa mabanki mu 2021. Mu Malichi 2025 Tinubu anasaina lamulo latsopano la misika ya zachuma limene likuvomereza kripto ndi kuiika pansi pa bungwe loyang'anira misikayo la SEC. Msika uliwonse wa kripto wofuna kugwira ntchito m'dzikomo tsopano uyenera kutenga chiphaso, kudziwa makasitomala ake ndi maina awo enieni, ndi kupereka malipoti ku boma. eNaira ikadalipo pa mafoni a anthu ochepa, pamene ogulitsa ambiri m'misika ya Lagos akulandira malipiro pa timakina ta Moniepoint ndi OPay, kapena ndalama ya pepala m'manja.